KODI LIWU LIMODZI LINGAGWETSE MUNTHU?

Bismillahir Rahmanir Rahim.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, m'mwezi uno wa Ramadhani timasamala kuti m'kamwa musalowe kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa. Nanga zotuluka m'kamwamo, timazisamala chimodzimodzi?

Mu April 2004, timu ya mpira ya Chelsea idagonja kwa Monaco ndi zigoli 3 kwa 1. Ron Atkinson wa ku England adali mmodzi mwa oulutsa masewerowo pa wailesi yakanema ya ITV. Mpira utatha, poyesa kuti maikolofoni yazimitsidwa, iye adatukwana Marcel Desailly, wosewera wa Chelsea, ndi liwu lija lonyozera anthu akuda lochokera m'nthawi ya ukapolo. Sitilibwereza muno. Koma maikolofoni idali isanazime, ndipo anthu a m'maiko ena a ku Middle East adamva. Tsiku lotsatira ntchito yake ku ITV idatha.

Ena adamuikira kumbuyo. Adati, si yemweyu kodi amene mu 1978, akuphunzitsa timu ya West Bromwich Albion, ankaseweretsa anyamata atatu akuda, Cyrille Regis, Laurie Cunningham ndi Brendon Batson, pa nthawi imene oonerera ena ankawagenda ndi nthochi? Ndiye liwu limodzi basi lifafanize zonsezo?

Funso limeneli tisalipeputse. Chabwino chimene munthu adachita sichitayika ayi. Komabe zabwino zadzulo si chilolezo chonyozera munthu lero. Abu Dharr (R.A.) adali Swahaba wamkulu, koma tsiku lina adanyoza munthu pomutchulira mayi ake. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) sadamulekerere chifukwa cha ukulu wake, adamuuza poyera kuti adali akadali ndi khalidwe la nthawi ya umbuli. Surat Al-Hujurat nayo ikutiletsa kusekana ndi kupatsana maina onyoza, ndipo ikutiphunzitsa kuti mitundu ndi mafuko zidaikidwa kuti tidziwane. Ulemu kwa Allah uli m'kumuopa, osati pa khungu.

Ndiponso woulutsa mawu adapatsidwa amana. Khasu lake ndi lilime. Akaligwiritsa ntchito povulaza anthu omwe akumumvera, n'zosadabwitsa kuti amulande mundawo.

Koma chimene chikutikhudza ife ndi ichi: Atkinson adalankhula chifukwa ankayesa kuti palibe akumva. Apa m'pamene swaumu imatiyesa. Ukhoza kulowa m'chipinda n'kumwa madzi, palibe angadziwe, koma sukumwa chifukwa ukudziwa kuti Allah akuona. Nanga bwanji tikakhala tokhatokha pa khonde podikira futari, timamasuka kutchula anzathu a fuko lina maina oti pamaso pawo sitingawatchule? Timati n'zocheza, eti? Surat Qaf ikutikumbutsa kuti liwu lililonse lili ndi mngelo wolilemba. Kumeneko kulibe kuzimitsa maikolofoni. Ndipo Mtumiki (S.A.W.) adachenjeza kuti wofunga amene sasiya mawu oipa, njala yake Allah alibe nayo ntchito.

Ntchito ikhoza kutha, koma khomo la tauba silitsekedwa. Abu Dharr atadzudzulidwa adasinthiratu, mpaka ankaveka wantchito wake chovala chofanana ndi chake. Ifenso, ngati pali amene tidamunyoza chifukwa cha khungu, fuko kapena chilankhulo chake, tipite tikamupepese Eid isanafike.

Allah asunge malilime athu ndi kulandira swaumu yathu. Amin.