Banja Likhale Pansi Chaka Chisanapite Patali

Pa Luka 14:28-30, Ambuye Yesu akuphunzitsa kuti wofuna kumanga nsanja amakhala kaye pansi n'kuwerengera mtengo wake, kuopa kulekezera pa maziko. Mabanja ambiri amalowa m'chaka chatsopano asanakhale pansi. Bambo akulingalira zogula puloti, mayi akuda nkhawa ndi fizi ndi lendi, mwana akulota foni yatsopano. Aliyense ali ndi zake kumtima, chonsecho thumba ndi limodzi. Januwale asanathe, m'nyumba mwalowa katapila ndi kusayankhulana.

Banja lachikhristu lipatule madzulo amodzi sabata ino, lizimitse wailesi yakanema, liyambe ndi pemphero. Ndalama zimene zimalowa pakhomo ndi ngongole zonse zinenedwe poyera, pakuti ngongole yobisa imapasula banja. Ana nawonso apatsidwe mpata woyankhula. Kenaka onse agwirizane zinthu zitatu zokha: chimodzi cha chuma, china cha moyo wauzimu, monga kupemphera Kolona kapena kupitira limodzi ku mphakati, chachitatu chothandiza mbale kapena mnansi wovutika. Zimenezi zilembedwe, ndipo pa Lachitatu la Phulusa banja lidzaonenso pamene lafika.

Banja Loyera la ku Nazarete lipempherere mabanja onse a m'parishi ino.