Kodi Nthaka Yoipa Ilipo?

Dothi lofiira la m'minda ya tiyi ku Thyolo, monga ya Satemwa yomwe inayamba mu 1923, lili ndi asidi wambiri. Tiyi amalikonda, ndipo amakula bwino muyeso wa asidi wotchedwa pH ukakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5. Chimanga chimavutika m'dothi lomweli. Muyesowu ukatsika kupyola 5.5, kutanthauza kuti asidi wachuluka, aluminiyamu amasungunuka n'kupinimbiritsa mizu, pomwe fosifolasi amamangika, mbewu osamupeza. Tiyi amangoyamwa aluminiyamuyo n'kumusunga m'masamba okhwima.

Apa pakubuka funso lakale: kodi ubwino uli m'chinthu chenichenicho, kapena umadalira amene chikumutumikira? Fanizo la wofesa mbewu, pa Mateyu 13, limasiyanitsa nthaka yabwino ndi yamiyala kapena yaminga, ndipo alaliki ambiri amalimasulira ngati chiweruzo cha mitima ya anthu. Dothi la ku Thyolo silivomereza kuweruzidwa mopupuluma chotero, pakuti ndi labwino kwa tiyi, loipa kwa chimanga.

Khalidwe la dothi limasinthanso ndi dzanja la munthu. Feteleza wa salufeti amawonjezera asidi chaka ndi chaka. Laimu amamuchepetsa, koma pang'onopang'ono, patapita miyezi. Mlimi wa chimanga amathira laimu asanabzale. Wa tiyi amamupewa, pokhapokha asidi atapyola muyeso.