Nkaya ndi Mangochi: Za Mphambano Ziwiri

Kumwera kwa Balaka, m'chigwa cha malambe ndi dzuwa loswa mtengo, kuli malo otchedwa Nkaya, kumene njanji zochokera kumbali zinayi za dziko zimakomana. Ndipo munthu amene anangomva mbiri yake ya pa mapu, osafikako, angayese kuti kumeneko kuli mzinda wa nyumba zosanja ndi misika yosagona, pamene chimene chiliko ndi siteshoni, timagolosale ndi midzi ya alimi. Funso limene liyenera kutisautsa ife a m'mbali mwa nyanja ndi lakuti, nanga bwanji mphambano yaikulu chotere sinabale mzinda, pamene Mangochi, amene njanji inamulambalala, anakula ndithu?

Tisaiwale kuti Mangochi nayenso anali mphambano m'masiku ake, njanji isanaloteke n'komwe m'dziko muno. Pamudzi wa mfumu Mponda, pamene Shire atuluka m'nyanja, ndi pamene amalonda a Chiyao ankawolokera ndi minyanga ya njovu, ndiponso, tinene mosabisa, ndi akapolo a goli m'khosi, kulinga kugombe la nyanja ya mchere. Ndipo atsamunda pomanga linga la Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, m'chaka cha 1891, anasankha malowo chifukwa anadziwa kuti wogwira khomo limenelo wagwira nyanja yonse. Sitima za m'nyanja zinkatula katundu pamenepo, zina zazing'ono n'kumutsitsira ku Matope. Koma madzi a m'nyanja ataphwa m'zaka zoyamba za m'ma 1900, mchenga ndi mabango zinatseka mtsinje, ulemerero wa dokolo unayamba kuzilala. Ndipo njanji imene inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, pamene inatalikitsidwa kupita kumpoto ndi kufika ku Salima m'chaka cha 1935, inadzera ku Balaka, nikakhudza nyanja pa Chipoka, kusiya Fort Johnston kumbali.

Nkaya ndiye anadzabadwa pambuyo pake. Boma la Dr Kamuzu Banda, pofuna kuti dziko lopanda gombe lisadalire doko la Beira lokha, linamanga njanji yochoka pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka kumalire pa Nayuchi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970 ndi kulumikiza Malawi ku doko la Nacala. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inadula njira zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980, kotero kuti feteleza ndi mafuta zinayamba kubwera pa malole kuchokera kumadoko akutali, pa mtengo umene mlimi wamba anaumva m'thumba mwake. Pomaliza kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, kudzera m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno, kudzalowa pa Nkaya pomwepo. Ndipo lero mabogi a malasha ondondozana, otalika kotero kuti mwana amatopa kuwawerenga, amadutsa usana ndi usiku kunka ku Nacala.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mudzi umakula pamene katundu atsika ndi kukwera, pamene wonyamula alandira dipo la thukuta lake, mayi wa mandasi agulitsa, mlendo afuna pogona, ndipo wamalonda aona kuti n'kwanzeru kumanga sitolo ya njerwa zootcha. Malasha a ku Moatize sachita chilichonse cha izi pa Nkaya, pakuti amakwera ku Mozambique ndi kukatsikira ku Mozambique komweko. Chimene dziko limapezapo ndi msonkho ndi ntchito za anthu owerengeka osamala njanji. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Tsiku limene sitima ya anthu yochokera ku Limbe yaima pa siteshoni, amayi amathamangira pamazenera ndi malichero a nthochi, chinangwa ndi mango, ndipo mphindi zowerengeka zimenezo zimasiya m'mudzi ndalama zimene mabogi a malasha a sabata lathunthu sasiya m'manja mwa mayi ngakhale mmodzi.

Mangochi, wopanda njanji, anakhalabe ndi chinthu choimitsa anthu. Chambo, usipa ndi utaka za m'nyanja, kambuzi wa ku Malombe, doko la Monkey Bay kumene sitima ya Ilala inalumikizidwa isanayambe maulendo ake m'chaka cha 1951, mahotela a m'mbali mwa nyanja, zonsezi zimaitana ogula ndi alendo. Ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1,100,000 m'boma limeneli, limodzi la maboma a anthu ambiri koposa m'dziko lino.

Wina adzati, kodi sitikunyoza njanji imene inatipulumutsa ku ukapolo wa njira imodzi? Iyayi, m'pang'ono pomwe. Feteleza wofika pa sitima ndi wotsika mtengo kuposa wa pa lole, ndipo misewu yathu imapuma pamene zolemera ziyenda pa chitsulo. Chimene tikunena n'chakuti mphatso imeneyi sitinaigwiritse ntchito mokwanira. Msewu wa tala wochoka ku Mangochi umakomana ndi njanji pa Liwonde, mtunda wa ulendo wosakwana maola awiri pa galimoto. Komabe nandolo, thonje ndi chimanga za kuno zimapita pa malole ku Blantyre, ndipo doko lapamtunda la ku Liwonde, limene lakhala likulonjezedwa zaka zambiri, likadali m'kamwa mwa olonjeza.

Chotero amene aikidwa kutsogolera maboma a Mangochi, Machinga ndi Balaka akadachita bwino kukhala pabwalo limodzi ndi eni ake oyendetsa njanji, ndi kupempha zinthu zapafupi: nkhokwe zosungiramo mbewu pa siteshoni, mabogi olandira katundu wa makopaletivu a alimi, ndi sitima ya anthu yoyenda kawirikawiri pa nthawi yodziwika. Zimenezi zikachitika, anthu adzamanga okha pa Nkaya popanda wowalamula, monga momwe makolo awo anamangira pa doko la Mponda.