Kodi Kubisa Choonadi N'chifundo?

Kwathu ku Namwera, mayi akafika zaka 40 asanaberekepo mwana kumbuyo, anthu amamtonthoza ndi mawu amodzimodzi: "Musadandaule, nthaŵi yanu idzakwana." Amanena izi ndi mtima wabwino. Koma kodi chifundo chobisa choonadi n'chifundo ndithu?

Thupi lili ndi malamulo ake. Mwana wamkazi amabadwa ali ndi mazira ake onse, ndipo zaka zikamapita mazirawo amachepa ndi kufooka, makamaka akapitirira zaka 35. Madokotala amati mwa amayi 100 athanzi a zaka 30 ofuna mwana, pafupifupi 20 amatenga pathupi m'mwezi umodzi. Pa zaka 40 sakwana 5. Nanga mayi amene njira zake za mazira zinatsekeka ndi chinzonono, kapena ndi likodzo lomwe lafala m'madzi a m'boma la Mangochi lino? Mwayi wake ngochepa koposa pamenepa.

Tsono mawu oti "dikirani" amamdyera mayiyu nthaŵi, chinthu chimene wasoŵa kale. Zaka zimathera pakumwa mizu, mbuzi ndi nkhuku zimathera kwa asing'anga. Bambo sapimidwa, chonsecho kaŵirikaŵiri vuto limakhala kwa iye. Pamene banja likufika kuchipatala, dzuŵa limakhala litapendeka.

Wina angatsutse kuti kuuza munthu kuti mwayi wake watsala pang'ono ndi nkhanza. Mfundoyi njolemera, pakuti m'midzi yathu ya chikamwini mbumba imakula kudzera mwa akazi, ndipo mayi wosabereka amadziona ngati wazimitsa moto wa makolo ake. Komatu nkhanzayo imachokera kwa ife amene timayeza ulemu wa mkazi ndi mimba yake, n'kumamtcha chumba. Tikadaleka khalidwe limeneli, choonadi sichikadaŵaŵa motere. Mu 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Kodi onseŵa ngotembereredwa?

Choncho ine ndikuti choonadi chinenedwe msanga, mofatsa, kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, kuti akapimidwe nthaŵi ikadalipo. Ndipo mayi amene zamkanika, akatenga mwana wa mchemwali wake n'kumlera, tizimuitana kuti amake a mwanayo popanda kung'ung'udza kumbali.