Kodi Wopulumuka Anene Chiyani?

Werengani Luka 13:1-5 ndi Machitidwe 16:22-34.

Lachiwiri pa 12 Januwale 2010, nthawi itatsala pang'ono kukwana 5 koloko madzulo, dziko la Haiti linagwedezeka. Chivomezicho, cha mphamvu ya 7.0, chinayambira pafupi ndi Léogâne, makilomita ngati 25 kumadzulo kwa likulu la Port-au-Prince, ndipo sichinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Nyumba ya mtsogoleri wa dziko inagwa. Tchalitchi chachikulu cha Katolika chinagwa, ndipo bishopu wamkulu, Joseph Serge Miot, anali mmodzi wa akufa. Ofesi ya bungwe la United Nations inakwirira antchito ochokera m'maiko ambiri. Anthu oposa 100,000 anataya miyoyo yao. Otsala anagona m'misewu poopa makoma, ndipo mumdimamo munamveka nyimbo za Mulungu ndi mapemphero usiku wonse.

Tiyerekeze kuti ife tinali komweko, alendo osamva chinenero cha Creole, opanda mbale wotifunafuna. Atatifukula m'mabwinja, mau athu oyamba akanakhala akuti, "Mulungu wandipulumutsa." Mauwa ndi oona, ndipo sitichita nao manyazi. Koma pambali pathu pakhala mai amene mwana wake adakali pansi pa simenti. Iyenso anapemphera, kapena koposa ife. Kodi umboni wathuwo ukumuuza chiyani? Ngati kupulumuka kwathu ndiko chizindikiro chakuti Mulungu amatikonda, nanga imfa ya mwanayo ndi chizindikiro cha chiyani?

Ena anafulumira kuyankha kuti Haiti analandira chilango cha machimo ake. Yankho lotere limakoma m'kamwa mwa munthu amene nyumba yake siinagwe. Yesu analikana kalekale pamene ananena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera: sanali ochimwa koposa anzao a mu Yerusalemu. Tionenso ichi. Pa 27 Febuluwale chaka chomwecho, chivomezi cha mphamvu ya 8.8 chinagwedeza dziko la Chile, koma akufa anangopitirira 500 pang'ono. Kodi a ku Chile anali olungama koposa? Iai. Kumeneko malamulo a kamangidwe amatsatidwa, pamene ku Port-au-Prince osauka anamanga ndi simenti yosakhwima ndi zitsulo zochepa. Zambiri zimene timaziika pa Mulungu ndi zipatso za umphawi ndi kusasamalana kwa ife anthu.

Tsono chitonthozo cha Mkhristu chili pati? Paulo ndi Sila nawonso anali alendo pamene chivomezi chinawapeza ku Filipi, mzinda wa Aroma m'dziko la Makedoniya. Anali atakwapulidwa, mapazi ao ali m'zigologolo, m'chipinda cha m'kati mwa ndende. Taonani dongosolo la nkhaniyi: kuimba kunayamba, chivomezi chinabwera pambuyo. Iwo sanaimbe chifukwa chakuti maunyolo anaduka. Anaimba ali omangidwa, osadziwa ngati kudzawachera. Mtendere wao sunali malipiro a kupulumuka. Unachokera m'kudziwa kuti Ambuye amene anakwapulidwa Iye mwini anali nao m'ndendemo. Chitonthozo chotere chokha ndicho chingathe kufika kwa mai uja, pakuti sichifunsa kuti khoma linagwera yani. Chimamuuza kuti Mulungu sanali kutali pamene mwanayo anali kufa, ndi kuti iye wagona tulo kudikira tsiku limene manda adzatseguka.

Sitinena kuti izi zimathetsa mantha. Opulumuka ambiri amadzidzimuka kwa miyezi galimoto yolemera ikadutsa, ndipo ena amadziimba mlandu chifukwa chotsala ndi moyo. Tisawadzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Thupi limakumbukira zimene mtima unapereka kale kwa Ambuye.

Koma pali chinanso chimene timachidumpha powerenga. Makomo atatseguka, Paulo sanathawe. Munthu wina akanati, "Nali yankho la pemphero langa," nadziyendera. Paulo anaona mdindo atasolola lupanga kuti adziphe, nafuula kumletsa. Kupulumuka kwake anakusandutsa moyo wa munthu amene anamtsekera. Chomwecho ku Diquini, kunja kwa Port-au-Prince, chipatala cha Adventist chinatsala chiimire, ndipo bwalo lake linadzaza ndi othyoka mafupa. Madokotala ndi anamwino anawasamalira m'matenti, ena a iwo ali ndi maliro kwao.

Ku Filipi, usiku womwewo, mdindo uja anatenga madzi natsuka mabala a akaidi ake, nabatizidwa pamodzi ndi a m'banja lake, nawakonzera chakudya. Kunja kutacha, Paulo ndi Sila anali adakali m'manja mwa boma, ndi mikwingwirima yao pamsana.