Mfundo Zofunika kwa Oyendera Malo Akale a ku Lifidzi

Ambirife timadutsa pa mishoni ya Lifidzi tili pa njinga, thumba la mbatata ya kachewere kumbuyo, mtima uli pa mitengo ya kumsika wa ku Ulóngwe. Tchalitchi chija maso athu adachizolowera kalekale. Komatu dera lino, kuyambira kumtsinje wa Lifidzi mpaka kuphiri la Domwe, lasunga mbiri yochuluka kuposa imene ana athu amaimva m'kalasi. Nazi mfundo zoti tizilingalire tikamayendera malowa.

1. Kwanu muyambe ndinu kukudziwa. Zimachititsa manyazi mlendo wochokera ku Tete kapena ku Lilongwe akafunsa kuti mishoniyi idayamba liti, mwini dera n'kungoti, "Aa, kalekale, nthawi ya azungu." Adaiyambitsa ndi ansembe a chipani cha Ajezuiti pakati pa 1908 ndi 1909, ndipo nkhoswe yake ndi Francisco Xavier Woyera. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Inde, koma asafike potiuza ife eni ake za pakhomo pathu.

2. Lemekezani amene adatsala pamene ena ankachoka. Ansembe oyamba aja sadakhalitse. Mu 1910 ufumu udagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano lidathamangitsa Ajezuiti. M'malo mwawo mudalowa ansembe a ku Germany a chipani cha Verbo Divino, koma nawonso adachotsedwa mu 1916, Portugal italowa nkhondo yolimbana ndi dziko lawo. Ajezuiti adabweranso mu 1941. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma lidatenga sukulu ndi zipatala za mishoni. A mpingo wa Dutch Reformed nawo, amene adatsegula mishoni ya Mphatso mu 1909, Apwitikizi adawatsekera mu 1922.

Tayang'anani bwino zaka zimenezi. Pafupifupi chilichonse chimene chidagwedeza Lifidzi chidagamulidwa kutali, ku Lisboa kapena ku Maputo, ndi anthu amene fumbi lakuno silidawadetsepo nsapato. Nanga amatsala ndani? Akatekisiti, aphunzitsi a m'midzi, amayi ophunzitsa ana mapemphero pamoto usiku wa chisanu cha mu Juni. Mukaima patsogolo pa tchalitchi, musangoyang'ana kumwamba. Gwiraniko khoma, mukumbukire kuti njerwa iliyonse pali amene adaponda dothi lake, pali amene adaiumba m'chikombole, pali amene adagona panja kusonkhezera uvuni. Ambiri mwa iwo ndi agogo a inu amene mukuwerenganu, ndipo mayina awo samveka pa zikondwerero.

3. Mbiri musamainene theka. Phiri la Domwe, lotalika mamita oposa 2,000, ndi pamene Angoni a Maseko adakhazikika cha m'ma 1870 atabwerera kuchokera ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Adawatsogolera ndi Chidyaonga, kenako ufumu udapita kwa Chikuse. Dzina la dera lino loti Angónia lidachokera kwa iwo. Tikaona amuna atavala zikopa ndi nthenga, chishango kumanzere, chibonga kumanja, akuponda ngoma mpaka nthaka kunjenjemera, timanyadira, ndipo n'koyenera. Koma Angoniwo sadapeze dziko lopanda anthu. Adapeza Achewa. Ena adathawira m'mapiri, ena adagwidwa n'kulowetsedwa m'midzi ya Angoni, ana awo n'kukulira mmenemo. Chodabwitsa n'chakuti chinenero cha ogonjetsedwawo ndicho chidapambana. Lero mdzukulu wa Mngoni amalankhula Chichewa, pomwe Chingoni chatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Ambirife magazi onse awiri ali m'thupi mwathu. Wonena za nkhondo zokhazokha kapena za kuzunzika kokhakokha wakana agogo ake a mbali imodzi.

4. Malire a Mozambique ndi Malawi asakudulireni ulendo. Adawalemba mu 1891 pa pangano la Britain ndi Portugal, ndipo adadula pakati dziko la Angoni a Maseko. Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, adaphedwa ndi asilikali a Britain mu 1896. Lero likulu la ufumu wa Gomani lili ku Lizulu m'boma la Ntcheu, pamene msewu ndiwo malire: tsidya lino kabichi wa ku Mozambique, tsidya ilo wa ku Malawi. Kuseri kwa Dedza kuli mapanga a Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambulazo ndi za chinamwali cha atsikana Achewa. Zimenezo ndi zathunso.

5. Malo a misozi musawalambalale. Pafupi ndi Lifidzi pali mudzi wa Chapotera. Kumeneko n'kumene kunkakhala ansembe awiri Achijezuiti nyumba za mishoni zitatengedwa: Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia wobadwa mu 1930, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal. Inali nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pamene munthu ankagona m'tchire munda wake uli pakhomo. Iwo adasankha kukhala ndi anthu, ndipo nkhanza zimene ankaziona sankazibisa. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985, anthu onyamula mfuti adawatenga panyumba pawo n'kukawapha. Matupi awo adapezeka patapita masiku angapo. Mu 2021 dayosizi ya Tete, motsogozedwa ndi Ambuye Diamantino Antunes, idayamba kufufuza za moyo ndi imfa yawo kuti Mpingo udzawatchule odala.

Awiriwa mayina awo akudziwika, ndipo ndi bwino kuti atero. Koma ndi angati a m'midzi yozungulira amene adafa m'zaka zomwezo, osaikidwa ngakhale m'manda a kwawo? Anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique adathawira ku Malawi, ambiri akuno n'kukakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Pobwerera adapeza mabwinja. Mukafika ku Chapotera, chepetsani mawu. Mwina mayi amene akulozerani njirayo nayenso ali ndi wake amene sadabwerere, ndipo akafuna kunena adzanena yekha. Kumukakamiza ndi mafunso n'kumulasanso pabala.

6. Si malo onse olowa ndi foni m'manja. Mukaona kankhalango ka mitengo ikuluikulu katsala pakati pa minda yoyera, dziwani kuti ndi manda, ndipo simulowamo popanda chilolezo cha mfumu. Dambwe ndiye musayandikire n'komwe ngati simudamete. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma ulemu umenewo sudasandutse mwambo kukhala sewero la pa Facebook. Ndinenepo apa: mitengo yachilengedwe yambiri imene yatsala m'midzi muno yatsalira kumanda komweko. Amene amanyoza miyambo imeneyi ayambe atiuza kumene nkhwangwa idasiyako mtengo wina.

7. Funsani akuluakulu akadali moyo. Ku Mua, ku Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, n'kusonkhanitsa zigoba za gule, mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo lero anthu amachokera kutali kukaona. Zonsezo zidatoledwa pokhala pansi ndi okalamba. Kuno tili nawobe amene adagwira chibalo, amene adaphunzira Chipwitikizi pa mishoni mbama ili pafupi, amene adaona mbendera ikusintha mu 1975. Chaka chilichonse timaika ena m'manda pamodzi ndi zimene ankadziwa.

Aphunzitsi a ku Lifidzi, ku Domwe ndi ku Fonte Boa, tumani ana asukulu kwa agogo awo ndi kope ndi cholembera. Akafunse dzina lakale la mudzi, kumene adachokera, amene adaumba njerwa za tchalitchi, ndi kumene adathawira nthawi ya nkhondo. Akalemba m'Chichewa muwalandire, musawabweze. Inu mafumu ndi akuluakulu a mpingo, pezani kabati imodzi yokhoma bwino, yosalowa chiswe, yosungiramo makope amenewo.