Za Makina Olandira Ndalama m'Masitolo

M'masitolo akuru a ku Ulaya ndi ku America muli makina olandira ndalama m'malo mwa munthu wogulitsa. Wogula aonetsa yekha katundu wace ku makinawo, nalipira, namuka osalankhula ndi munthu ali yense. Anayamba kuwayesa m'caka ca 1986 m'sitolo ya Kroger, pafupi ndi mzinda wa Atlanta. Tifunse tsono: kodi cinthu ici ncokoma?

Sititsutsa makina onse ai. Cigayo cinapumuza amai athu ku nchito ya pamtondo, ndipo tiyamika. Koma makina awa sacotsa nchito. Angoisenzetsa wogula, amene aigwira wopanda malipiro, pamene wanchito uja akhoza kubwerera kwao cimanjamanja, ndi ndalama za malipiro ace zitsala kwa mwini sitolo. Anati akuru, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiponso wogulitsa sali manja owerenga ndalama okha. Ndiye alonjera nkhalamba yokhala yokha, nathandiza wakhungu ndi wosadziwa kuwerenga. Cifukwa cace eni masitolo a Jumbo ku Holland anakonza m'caka ca 2019 malo olipirira pamene wogula aceza ndi wogulitsa kosafulumira. Ndipo m'caka ca 2023 a Booths ku England, pakumva madandaulo a ogula, anacotsa makinawo m'masitolo ao onse, nasiya awiri okha.

Potero tisayese cipangizo catsopano ndi liwiro lace lokha, koma tifunse: capeputsa yani, ndipo mtolo wace watsikira pamutu pa yani?